Kachipangizo kolawa mkaka kakanganitsa makampani ku Ulaya

M'makola ambiri ku Netherlands, ng'ombe imapita yokha kokamidwa. Imalowa m'kachipinda, loboti n'kupeza nsonga za mawere pogwiritsa ntchito kuwala kwa laser, n'kuyamba kukama popanda munthu pafupi. Nanga mkaka ukakhala woipa, amauona ndani?

Ntchitoyi ndi ya masensa, tizipangizo tomwe timayeza mkaka ukamadutsa m'paipi. Ng'ombe ikadwala mastitis, matenda otupitsa bere, mchere umachuluka mu mkaka ndipo magetsi amadutsamo mosavuta. Sensa imayeza zimenezi, komanso kutentha ndi mtundu wa mkakawo kuti ione ngati muli magazi. Ikaukayikira, makina amaupatutsa kuti usalowe m'thanki n'kuipitsa wonse.

Apa ndiye pagona ndalama. Kampani ya Lely ya ku Maassluis, yomwe inaonetsa loboti yake ya Astronaut mu 1992, ndi DeLaval ya ku Sweden, eni makina a VMS, akhala akukokanakokana kwa zaka zambiri ku European Patent Office, ofesi yomwe likulu lake lili ku Munich. Nkhani yake ndi ya patenti, chiphaso choletsa ena kupanga kapena kugulitsa luso lomwe watulukira kwa zaka 20.

Lamulo lakumeneko limapereka miyezi 9 yoti aliyense atsutse patenti ikangoperekedwa. Wotsutsa amafukula mabuku ndi mapatenti akale pofuna kuonetsa kuti lusolo silachilendo, kapena kuti katswiri aliyense akanalitulukira. Ofesi ikhoza kufafaniza patentiyo, kuichepetsa mphamvu, kapena kuisiya momwe ilili.

Musaganize kuti akulimbirana mfundo yoti mkaka wa ng'ombe yodwala umadutsitsa magetsi kwambiri. Imeneyo inadziwika kalekale, ilibe mwini. Amakanganirana zing'onozing'ono: sensa ikhale pati, iyeze bere lililonse palokha kapena ayi, kompyuta ifananize bwanji zotsatira za lero ndi zadzulo. Wopambana amatseka njira imeneyo, mnzake n'kuwononga ndalama kufunafuna ina. Mlimi wogula makina ndi amene amadzalipira zonsezo.

Kuno kwathu, m'mabungwe osonkhanitsa mkaka monga a ku Thyolo, kuyeza n'kwa pamanja: lactometer yogwira othira madzi, ndi sipiriti woonetsa mkaka woyamba kusasa. Mlimi amadziwa kuti mkaka wakanidwa atafika kale ndi chigubu chake, ulendo wapita pachabe.

Koma patenti imagwira ntchito m'mayiko okhawo omwe inalembetsedwa, ndipo mwini wake amakakamizika kufotokoza poyera momwe lusolo limagwirira ntchito. Mapatenti a m'zaka za m'ma 1990 anatha mphamvu, ndipo amawerengeka kwaulere pa Espacenet kapena Google Patents, ngakhale pafoni. Wophunzira zamagetsi wofuna kupangira alimi kachipangizo kotchipa koyezera mkaka asanachoke pakhola ali ndi poyambira, bola bandulo.