Chifukwa Chake Zala Zimaphonya Mkono Ukatopa

Lero tikambe za zala zathu, pakuti ndizo zimasoka fodya, kutola thonje ndi kugwira zenga pomweta udzu.

Poyamba dziwani kuti minofu yaikulu yopinda zala siili m'zalamo ai. Ili pa mkono, pakati pa chigongono ndi dzanja, ndipo imakoka zala ndi mitsempha yonga zingwe. Tafumbatani dzanja, ndipo ndi dzanja linalo mugwire mkonowo. Mudzamva kuti walimba.

Khungu la kunsonga kwa zala limamva msanga ndithu. Mpeni ukangoyamba kuterereka, khungulo limatumiza uthenga, ndipo minofu imafinya yokha mwini wake asanaganize. M'chaka cha 1984 Roland Johansson ndi Göran Westling a ku Umeå, m'dziko la Sweden, anapeza kuti izi zimachitika lisanathe gawo limodzi la magawo 10 a sekondi.

Nanga kutopa kumaononga chiyani? Angelo Mosso wa ku Turin, ku Italy, ankamangirira chitsulo cholemera ku chala cha pakati cha munthu, namuuza kuti azichikoka mobwereza. Poyamba chitsulocho chinkakwera kwambiri, kenaka pang'ono, mpaka chala chinalephereratu. Zimenezi anazilemba m'buku lake la 1891.

Tsono mnofu wotopa ngwotere: uthenga umafika, koma mphamvu yachepa. Umachedwa kumasuka, ndipo zala zimayamba kunjenjemera. Komanso mnofuwo umatumiza uthenga wake ku msana ndi ku ubongo woti ntchito ichepe. Choopsa nchakuti munthu amayesa wagwiritsa, chifukwa ali kudzikakamiza, pamene wagwira mofooka. Apo mpamene zenga limatema chala m'malo mwa udzu, ndi tsamba labwino la fodya limang'ambika nkutsika mtengo.

Chifukwa chake chitani izi. Ntchito ya mpeni, zenga kapena makina muigwire musanatope. Nolani zitsulo zanu, pakuti mpeni wobuntha umatopetsa mkono msanga. Muzipuma kawirikawiri ndi kutambasula zala, kapena musinthe ntchito. M'mawa wa chisanu yambani mwafunditsa manja, popeza zala zozizira sizimva bwino. Mukaona dzanja likunjenjemera, lekani, udzuwo suthawa. Ndipo dzanzi likakhala masiku osatha, pitani ku chipatala.

Chala chimodzi chovulala m'nyengo yokolola chingagoneke munda wonse.