Kabwe: Mafunso Amene A Physiotherapy Afunika Kufufuza

Physiotherapy ndi cithandizo ca kucipatala cosagwilitsa nchito mapilitsi kapena nyeleti. Wodwala amawongoledwa ziwalo ndi kuphunzitsidwa kukhala, kuimilila ndi kuyenda. Mu Zambia akatswili ambili a nchito imeneyi anaphunzila ku Evelyn Hone College ndi ku University of Zambia. Koma ngocepa, ndipo ndalama zofufuzila n'zocepa koposa. N'cifukwa cace funso lakuti ayambe kufufuza ciani silili la anthu ophunzila okha.

Mu Kabwe yankho loyamba lili m'fumbi. Mgodi wa mtobvu unatsekedwa mu 1994, koma mtobvu unatsala m'nthaka. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anapima ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo onse anapezeka ndi mtobvu wopitilila muyezo m'magazi. Mtobvu umaononga bongo wa mwana. Kwa akulu ungafooketse mitsempha mpaka dzanja kumangolendewela.

Makolo ambili aganiza kuti mankhwala ocotsa mtobvu akaperekedwa, nkhani yatha. Sizili tero. Ku America mu 2001, kafukufuku wa ana 780 anaonetsa kuti mankhwala a succimer anatsitsadi mtobvu m'magazi, koma nzelu za anawo sizinapose za anzao amene sanamwe. Mankhwala ali ndi nchito yace, maka-maka pamene mtobvu wacuruka kwambili, koma cimene caonongeka kale sabweza. Tsono mwana wocedwa kuyenda kapena kugwila supuni athandizidwe bwanji? Maseŵela ati, kangati pa mlungu, kuyambila msinkhu wanji? Ndipo kodi angaseŵele pati, popeza pabwalo pomwepo ndi pamene pali fumbi? Kupima magazi kwacitika kwambili. Mafunso awa ndiwo afunika kutsogola tsopano.

Cina ndi sitiroko. Kale akatswili ambili anali kukhulupilila kuti wodwala akadzutsidwa msanga ndiye acila bwino. Kafukufuku wa AVERT wa mu 2015, wa odwala 2,104, anapeza kuti kuyendetsa munthu kwambili maola 24 asanathe kumacepetsako mwai wocila bwino. Cizolowezi cooneka cabwino cinapezeka colakwika. Komabe kafukufukuyu anacitikila ku Australia, New Zealand, Malaysia, Singapore ndi Britain. Mu Africa munalibe cipatala ngakhale cimodzi.

Kuno wodwala akatuluka m'cipatala, amene amamutembenuza ndi kumusambika ndi mkazi wace, mwana kapena mdzukulu. Kucoka ku Makululu kupita kucipatala ndi munthu wosayenda kufuna ndalama ya taxi, ndipo ambili amaleka pa njila. Cofunika kudziwa ndi cakuti: kodi wacibale wophunzitsidwa bwino angafike pati payekha kunyumba, nanga ndi zizindikilo ziti zimene ziyenela kum'bweza kwa katswili mosacedwa?

Ovulala pa ngozi za mumseu wa Great North Road ndi odwala msana naonso ali pa mzere womwewo.