Mwana Wanu Waphunzira za Zamoyo: Tsono Alowera Kuti?

Amayi, ambiri a ife mwana wamkazi akangosankhidwa kukaphunzira sayansi ku sukulu ya ukachenjede, timayambiratu kumutchula kuti "adokotala". Tsono zaka zinayi zikatha, mwana nabwera ndi digiri ya bayoloje, timagwa mphwayi. Anansi akafunsa kuti, "Nanga akagwira chipatala chiti?" timasowa choyankha. Lero tiyeni tikambirane za mwana ameneyu, pakuti sanasochere ayi, koma njira yake ndi yotalikirapo, ndipo ifuna mayi wodekha.

Bayoloje ndi maphunziro a zinthu zonse zamoyo: munthu, nyama, nsomba, mbewu, mitengo ndi tizilombo tosaoneka ndi maso. Digiri imeneyi payokha simupatsa mwana wanu chilolezo chopima odwala kapena kuwalembera mankhwala. Komabe zambiri zimene dokotala ndi mlangizi wa zaulimi amatiuza zimayambira m'manja mwa anthu ophunzira zotere.

Taganizani za kumunda. Mbewu zopirira ku chilala ndi matenda zimene mumabzala sizichita kugwa kumwamba. Zimayesedwa zaka zingapo kumalo a kafukufuku monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo, Makoka ku Zomba ndi Lunyangwa ku Mzuzu. Pamene mbozi zachilendo zinagwa m'chimanga m'nyengo ya 2016 ndi 2017, anafunika anthu odziwa moyo wa tizilombo kuti afotokoze mmene zimaswanirana ndi mmene tingazigonjetsere. Nawonso amene amatichenjeza kuti tisamawaze madzi mtedza pofuna kuusenda, chifukwa chinyezi chimabweretsa chuku chimene poizoni wake amawononga chiwindi, ndi anthu omwewa. Ena a iwo amapima zakudya ku Malawi Bureau of Standards, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ena amapima madzi akumwa m'mabungwe opereka madzi.

Kunyanja ndi kunkhalango nakonso kuli ntchito. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yochuluka kuposa nyanja ina iliyonse ya pamtunda, ndipo mu 1984 malo otetezedwa a ku Cape Maclear anawerengedwa pa chuma cha dziko lonse lapansi. Inu nomwe ndinu mboni kuti chambo chakwera mtengo chifukwa chachepa. Ofufuza za nsomba ku Monkey Bay ndi oweta nsomba m'maiwe ku Domasi ndiwo akulimbana ndi vuto limeneli. Ku Zomba kuli nyumba yosungira mitundu ya zomera za dziko lino, ndiponso malo ofufuza za mitengo.

Ngakhale pa zaumoyo khomo silinatsekeke. Mu Epulo 2019 Malawi linali dziko loyamba kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera m'zipatala za boma. Ntchito yotere imatsamira pa anthu a m'zipinda zopimira, amene amayang'ana magazi, kufufuza udzudzu ndi kulemba zotsatira mosamala. Pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali malo aakulu a kafukufuku otchedwa Malawi-Liverpool-Wellcome, amene anayamba mu 1995. Ndipo tisaiwale uphunzitsi. Mwana wanu ataonjezerapo maphunziro a kaphunzitsidwe akhoza kuphunzitsa ku sekondale, kumene atsikana amalimba mtima akaona mayi mnzawo ataima kutsogolo akuphunzitsa sayansi.

Koma tisanamizane, amayi. Ntchito zimenezi sizipezeka tsiku limodzi, ndipo ozifuna ndi ambiri. Mwana wanu akhoza kukhala pakhomo miyezi yambiri akulemba makalata osayankhidwa. Akapeza malo oti azikathandiza pophunzira ntchito, ngakhale malipiro ake akhale ongokwanira sopo ndi ulendo, musamuletse, pakuti olemba ntchito amafunsa kuti munthu anagwirapo chiyani ndi manja ake.

Chachiwiri, pa ntchito za kafukufuku digiri yoyamba ili ngati maziko a nyumba. Amene afuna kutsogolera kafukufuku kapena kuphunzitsa ku sukulu ya ukachenjede amafunika digiri yachiwiri, imene kawirikawiri imatenga zaka ziwiri, ndipo pambuyo pake yachitatu, ya zaka zitatu kapena kuposerapo. Sikuti zonsezi n'zakunja kokha. Kuyambira mu 2021 University of Malawi ya ku Zomba inaima payokha, ndipo sukulu za udokotala ndi unamwino zinaphatikizana kukhala Kamuzu University of Health Sciences. Za ulimi zili ku Bunda, pansi pa LUANAR. Kulinso Mzuzu University, ndi MUST ya ku Thyolo imene inatsegulidwa mu 2014. Ofuna kupita kunja amapikisana pa thandizo monga la Commonwealth la ku Britain ndi la DAAD la ku Germany. Thandizo lotere limayang'ana mmene mwana anakhozera ndi makalata a aphunzitsi ake. Choncho muuzeni kuti asataye ubale ndi amene anamuphunzitsa, azipita kukafunsa nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Wina akakuuzani kuti mumupatse ndalama kuti akupezereni malo otere, chenjerani naye.

Tsono nayi mbali yathu yeniyeni. Zaka zimene mwana ayenera kupitiriza maphunziro ndi zomwezo zimene ife timayamba kufunsa za mkamwini ndi zidzukulu. Atsikana ambiri anzeru amaimira pomwepa, osati chifukwa cholephera mayeso, koma chifukwa cha mawu a pakhomo. Banja ndi maphunziro si adani. Mayi Wangari Maathai a ku Kenya anatenga digiri ya bayoloje mu 1964, ndipo pamene ankalandira digiri yachitatu ku Nairobi mu 1971 anali kale pabanja ndi mwana kumsana. Mu 1977 anayambitsa gulu la amayi obzala mitengo, ndipo mu 2004 analandira mphoto ya Nobel ya mtendere.

Chotero ngati mwana wanu wapeza mbeta yake yomasulidwa, ankhoswe a mbali zonse adziwiretu kuti mtsikanayu akadali ndi sukulu patsogolo, kuti mawa pasadzakhale mlandu. Kambiranani ndi bambo akunyumba modekha, kuti nawonso amvetse chifukwa chake. Ngati ndi mpongozi wanu amene wapeza mwayi wokaphunzira, musakhale inu oyamba kunong'oneza mwana wanu kuti mkazi wophunzira kwambiri samva. Mulandireni mdzukulu, mumulere miyezi imeneyo monga momwe amayi athu anatithandizira ife.

Ndipo inu amene ana anu akadali ku sekondale, m'mera mpoyamba. Muchepetseni ntchito za madzulo mtsikanayo kuti apeze nthawi ya masamu, kemisitiri ndi bayoloje, pakuti popanda maphunziro amenewa makomo onse tatchulawa satseguka. Anyamata nawonso akhoza kutunga madzi ndi kutsuka mbale.

Anansi akadzafunsanso kuti mwana wanu akagwira chipatala chiti, ayankheni mosachita manyazi kuti anaphunzira za zamoyo, ndi kuti sukulu yake sinathe.