Kilatchi Yoyenera Msewu wa ku Marka

Galimoto ikayamba kulira kwambiri pa chitunda koma liwiro osaoneka, m'katimo n'kumamveka fungo la chinthu chopserera, dziwani kuti kilatchi yatha. Apa m'pamene Bambo Mfumu wa parishi, kapena kholo lomwe lili ndi kagalimoto kake, amalandira malangizo ochuluka. Ena mwa malangizowa masiku ano akuchokera pa Facebook ndi YouTube, pomwe anyamata a magalimoto a mpikisano amati: ikani kilatchi yamphamvu, chotsani flywheel yolemerayo muike yopepuka, galimoto iziuluka. Ine kwathu ndi ku Marka, ndipo pa tchuthi ndimathandiza amalume pa galaja yawo, ngakhale kuti ntchito yanga yeniyeni ndi kuwapatsira masipanala. Ndikufuna ndifotokoze chifukwa chake malangizo amenewa sayenera msewu wa kwathu.

Tiyambe ndi zitsulozo. Kumbuyo kwa injini kuli chitsulo cholemera chooneka ngati mbale yaikulu, ndiyo flywheel. M'mphepete mwake muli mano amene sitata imaluma poliza galimoto. Pankhope pake pamagona kilatchi puleti, yomwe mbali zonse ziwiri ili ndi zokhakhala zonga za mabuleki. Pressure plate imaikanikizira ku flywheel kuti zizizungulira pamodzi, ndipo mphamvu ya injini imadutsa pamenepo kupita ku giyabokosi. Dalaivala akaponda kilatchi, kachitsulo kotchedwa release bearing kamakankha sipuling'i, puleti ija imamasuka, injini n'kulekana ndi mateyala kuti giya isinthidwe.

Nanga n'chifukwa chiyani opanga magalimoto amaika chitsulo cholemera chotero, pomwe akudziwa kuti kulemera kumatha mafuta? Yankho lake tinaphunzira mu Physical Science, pa mutu wa inertia. Injini sikankha mosalekeza ayi. Silinda iliyonse imaphulitsa mafuta kamodzi kokha pamene crankshaft yazungulira maulendo 2, ndipo pakati pa kuphulika kumodzi ndi kunzake pafunika chinthu chosunga mphamvu kuti injini isaime. Amene munaonapo telala akupalasa makina ake mukudziwa gudumu lalikulu lomwe lili pansi pa tebulo. Phazi likaleka kuponda, gudumulo limapitirizabe kuzungulira, singano osaima. Flywheel ndi gudumu lomwelo.

Sindikunena kuti flywheel yopepuka ndi bodza. Injini imene ili nayo imakwera msanga ukaponda mafuta, imatsikanso msanga ukasiya, ndipo wa mpikisano amene akusintha magiya mwachangu pa bwalo losalala amapindula nazo. Koma siwonjezera mphamvu ya injini ngakhale pang'ono, ndipo vuto lake limaonekera ponyamuka. Galimoto yoima, yodzaza matumba a chimanga kapena akhristu a kwaya, imanyamuka ndi mphamvu imene flywheel yasunga. Ikachepa, injini imazima. Dalaivala poopa manyazi amaonjezera mafuta n'kumasiya kilatchi pang'onopang'ono, ndiye kuti puleti ikutereka, ikutentha, ikutha. Pa injini ya dizilo zinthu zimanyanya, chifukwa kuphulika kwake n'kwamphamvu: galimoto ikaima ikulira imanjenjemera, giyabokosi n'kumachita phokoso.

Tsopano taganizirani msewu wathu. Marka ali kumapeto kwenikweni kwa msewu wa M1, m'malire ndi Mozambique, kufupi ndi malo otsika kwambiri m'Malawi muno, pomwe mtsinje wa Shire uli pa mamita 37 okha kuchokera pa nyanja ya mchere. Blantyre ali pa mamita pafupifupi 1,000. Ukadutsa Nsanje, Bangula, Ngabu ndi Nchalo n'kuoloka Kamuzu Bridge ku Chikwawa, pafupifupi mtunda wonsewo umaukwera nthawi imodzi kuyambira pa Thabwa, mokhotakhota, kawirikawiri uli pambuyo pa chilole cha shuga chomwe chikukwawa. Chikaima, nawenso waima, ndipo uyenera kunyamukanso pa chitunda pomwepo. Ngati m'galimotomo muli mayi wodwala amene mukuthamangira naye ku Queen Elizabeth Central Hospital, pamenepo si pozimirapo injini.

Kunonso kuchigwa, njira zopita ku matchalitchi a m'midzi ndi mchenga m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Madzi osefukira a 2015, namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anakokolola milatho ndi misewu, magalimoto n'kumadutsa m'makwawa. Onjezeranipo kutentha kwa October ndi November komwe kumapitirira madigiri 40. Galimoto ya kuno imafuna kukoka pang'onopang'ono koma mwamphamvu, ngati ng'ombe za pa ngolo.

Pa kilatchi yeniyeniyo nkhani ndi yomweyo. Puleti wamba ndi yozungulira yonse, ndipo pakati pake pali timasipuling'i tomwe timamwa kugwedezeka. Imagwira mofatsa, ndipo imalola dalaivala kusendeza galimoto pang'ono pokha. Ya mpikisano imakhala ndi mapiko 4 kapena 6 okhala ndi zigamba zolimba za ceramic. Imapirira moto, zoonadi, koma imagwira mwadzidzidzi ngati msampha: mwina galimoto ilumphe, mwina izime, ndipo mu mchenga mateyala amangokumba dzenje. Imadyanso nkhope ya flywheel, ndipo kudzidzimuka kuja kumakathera ku giyabokosi ndi ku difu, zomwe mtengo wake umaposa wa kilatchi kutalitali. Ngati injini sinasinthidwe kuti ikhale yamphamvu kuposa mmene inabwerera, kilatchi ya mtundu umene opanga anaikamo ndi yokwana. Galimoto yokhayo imene imakoka ngolo kapena kusenza katundu wolemera tsiku ndi tsiku ndi imene ingayenere pressure plate yolimbirako, koma puleti yake ikhalebe wamba ija. Dziwaninso kuti mwendo wamanzere udzamva kuuma kwake.

Ndalama zogulira zinthuzi ndi chopereka cha akhristu, kapena ndi thonje ndi nyemba zimene makolo agulitsa, choncho pogula pafunika maso. Mayina odziwika ndi Exedy ndi Aisin a ku Japan, LuK ndi Sachs a ku Germany, komanso Valeo a ku France. Komatu dzina pa katoni si umboni, pakuti achinyengo amasindikizanso makatoni. Amalume amati popita ku Limbe uzinyamula puleti yakaleyo m'manja, ukayeze kukula kwake ndi kuwerenga mano a pabowo lapakati. Ulembenso mtundu wa injini, poti kungonena kuti "ya Hilux" sikukwana: ilipo ya 3L, ya 5L, ya 2KD ndi zina. Kuchokera ku Marka ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200, ndipo kubwera ndi chinthu cholakwika ndiye kuti galimoto igonanso pa miyala sabata ina.

Gulani zonse pamodzi, puleti, pressure plate ndi release bearing, chifukwa ntchito yaikulu ndi kutsitsa giyabokosi, ndipo palibe amene amafuna kuitsitsa kawiri. Ili pansi choncho, makaniko aone ngati oilo sakudontha kumbuyo kwa injini, popeza dontho la oilo limaononga puleti yatsopano. Flywheel ikakhala ndi mawanga a moto kapena mizere, ikapalidwe pa makina isanabwezeretsedwe. Magalimoto ambiri a dizilo a masiku ano ali ndi flywheel ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i, yotchedwa dual mass. Imeneyi nthawi zambiri sipalidwa, ikatha yatha. Ena amaikamo yachitsulo chimodzi chifukwa cha mtengo, ndipo zimatheka, malinga ikhale yolemera bwino ndipo puleti yake ikhale ya timasipuling'i.

Kilatchi yatsopano imafuna kuyendetsedwa mofatsa makilomita 500 oyamba kuti ikhazikike. Phazi lisamagone pa pedulo poyenda. Pa chitunda gwirani galimoto ndi handibuleki, osati ndi kilatchi, ndipo mu mchenga, ngati galimoto ili ndi giya yaing'ono ya mateyala onse 4, ilowetseni musanatitimire. Pooloka madzi sankhani giya mukadali pa mtunda ndipo musaponde kilatchi pakati pa madzi, chifukwa puleti ikamasuka matope amalowa pakati. Mukaoloka, yendani ndithu kamtunda kuti iume. Galimoto yoimikidwa ili yonyowa, pakapita masiku puleti imachita dzimbiri n'kumatirira ku flywheel, ndipo Lamulungu m'mawa Bambo akaliza injini magiya amakana kulowa.