ZA MAKOMA OMWAZA MAU NDI MAYESEDWE AKE

Aliyense wokhala m'mbali mwa nyanja kuno ku Chintheche adziwa kuti funde likafika kumtunda, mathero ake sali amodzi. Likafika pa mchenga lifooka nilitha. Likagunda thanthwe losalala libwerera lathunthu. Koma likalowa pakati pa miyala yosiyana misinkhu lisweka nilimwazika ku mbali zonse. Mau a munthu nawonso ndiwo mafunde, oyenda mumpweya mamita 343 pa sekondi imodzi, ndipo akafika pa khoma achita chimodzi mwa zitatu zomwezi: amezedwa, abwezedwa, kapena amwazidwa.

Nkhaniyi itikhudza ife pakuti midzi yambiri yasiya nyumba zopempherera zaudzu nimanga zanjerwa, zofolera malata ndi zopaka simenti. Ndi ntchito yoyamikika. Koma udzu unkameza mau, pamene malata ndi simenti ziwabweza monga thanthwe lija. Liwu loyamba lisanathe lachiwiri lafika, ndipo nkhalamba zokhala kumbuyo zingomva phokoso, osatola kanthu. Ambiri athamangira kugula chimkuzamau, osadziwa kuti m'nyumba yotere chikuza ndi phokoso lomwe.

Woyamba kuyesa zimenezi ndi manambala anali Wallace Sabine wa ku Harvard, m'dziko la America. M'chaka cha 1895 anampatsa chipinda chophunzitsiramo chimene mau ankakhalitsamo masekondi oposa 5. Iye ankagwira ntchito usiku anthu atagona, ali ndi chitoliro cha limba ndi wotchi, nalowetsa m'chipindamo mapilo a pamipando, kuwerenga m'mene kulira kunkafupikira. Komatu iye anayesa kumeza. Ndipo kumeza kukachuluka nyimbo zifa: oimba amva ngati aimbira m'bulangeti. Chofunika m'nyumba yoyankhuliramo ndi kuimbiramo ndicho chakuti mau ena asamezedwe, koma agawidwe kuti afike kwa onse mofanana.

Mjeremani wina, Manfred Schroeder, ndiye anasonyeza m'zaka za 1975 ndi 1979 kapangidwe ka thabwa lomwaza mau. Ndilo bokosi la tingalande toyandikana, tofanana m'lifupi koma tosiyana kuya. Kuyako sikungolotedwa ai, kuchokera ku masamu. Tengani manambala kuyambira 0 kufikira 6, lililonse mulichulukitse ndi lokha, mugawe ndi 7, nimusunge chotsala: mupeza 0, 1, 4, 2, 2, 4, 1. Mukapatsa gawo lililonse masentimita 5, tingalandeto tikhala takuya 0, 5, 20, 10, 10, 20 ndi 5. Funde la mau lilowa m'tonsemo, koma lituluka msanga m'tosaya ndi mochedwa m'takuya, kotero kuti silithanso kubwerera lathunthu. Mmisiri wa matabwa wa pamudzi akhoza kulipanga.

Nanga tidziwa bwanji kuti thabwalo limwazadi? Apa ndipo pali luntha. Bungwe la ISO, loika miyeso ya dziko lonse, linalemba njira yake m'chaka cha 2012. Alowa m'chipinda chimene makoma ake ameza mau onse, kuti pasamveke chobwerera china koma cha thabwa lokhalo. Thabwa aliika pakati. Chotulutsa mau achiika patali mamita 10. Tsono pa mtunda wa mamita 5 andandika mamaikolofoni mokhota ngati uta, monga anthu azinga wokamba nthano, imodzi pa madigiri 5 alionse; kuchokera mbali ina kufikira inzake akwana 37. Mau akatuluka, maikolofoni iliyonse ilemba mphamvu ya chimene thabwa labweza kumbali kwake.

Thabwa likakhala losalala, mamaikolofoni owerengeka okha alandira zambiri, ena onse nangotola nyenyeswa. Likakhala lomwaza bwino, onse alandira pafupifupi mofanana, ngati usipa wogawidwa mwachilungamo pa gombe. Pa zolembedwazo atulutsa nambala imodzi ya pakati pa 0 ndi 1: pafupi ndi 0 ndiye kuti mau onse apita njira imodzi, pafupi ndi 1 ndiye kuti afalikira ponse. Ayesanso thabwa losalala la msinkhu womwewo kuti alinganize, pakuti nalonso limwaza pang'ono m'mphepete mwake, ndipo sikuyenera kutamanda tingalande pa ntchito imene si yake.

Chinanso chimene muyeso uonetsa, ndipo ife tichiyesa chachikulu koposa kwa omanga, ndi ichi: thabwa limodzi silimwaza mau onse. Mwala waung'ono uswa timafunde ta m'mawa, koma funde la mwera lingoupitirira. Chomwechonso mau. Liwu lonjenjemera ka 500 pa sekondi lili ndi funde lotalika masentimita pafupifupi 70, ndipo ndilo liyenerana ndi tingalande takuya masentimita 20 tija. Chifukwa chake ayesa mau aakulu paokha ndi aang'ono paokha. Chifukwa chakenso simenti yowazidwa mokhakhala, imene ena aikhulupirira, sithandiza kwenikweni: timabampu take tachepa kwambiri pa funde la liwu la munthu. Zothandiza ndizo zotuluka ndi zolowa zazikulu: nsanamira za m'khoma, mazenera akuya, mitanda ya denga yoonekera, njerwa zoyalidwa zina kunja zina mkati.

Kuno tilibe mamaikolofoni 37, koma manja tili nawo. Lowani m'nyumba yopempherera muli chete, muime pakati, muombe m'manja kamodzi mwamphamvu. Mukamva kulira konjenjemera kotsatira msangamsanga, ndiye kuti makoma awiri osalala oyang'anana aponyerana mau. Imikani mabenchi ndi matabwa motsamira khoma limodzi, mopendeka mosiyanasiyana, muombenso. Kunjenjemerako kukachepa, mwapeza khoma loyenera kuyambira kukonza, ndipo ndalama za chimkuzamau ziyambe zadikira.