Mwana wa neba akafika nsima ili pa moto

Lacitatu lapitali madzulo ndinakwera basi yopita ku Chawama, ndipo pa Kafue Roundabout tinaima nthawi yaitali monga mwa masiku onse. Kondakita anali atatolera kale ndalama koma cenji yanga anali asanandipatse. Kumbuyo kwanga kunali azimai awiri, ndipo nkhani yao inandiiwalitsa za cenjiyo.

"Ine ku nyumba kwanga bana sibadyela pa sofa," anatero wina. "Olo ni mwana wa bandani, ankhale pansi."

"Manje ngati ni mwana wa mlendo?"

"Mlendo wa zaka zingati? Ija sofa nikali kulipila mpaka lelo. Supu ya kapenta ikatayikilapo, bamai bake bazabwela kuwasha?"

Basi yonse inaseka, inenso ndinaseka. Koma pofika pa siteshoni yanga kuseka kunali kutatha, cifukwa nkhani ya malo odyera ana ndinaidziwa ndili wamng'ono, ndipo ndinaidziwira m'khicini.

Ndinabwera mu Lusaka kucokera ku Katete ndili ndi zaka 11, kudzakhala ndi amai aang'ono ku Chilenje kuti ndiphunzire sukulu ya m'tauni. Nyumba inali ndi tebulo ya mipando 6. Atate aang'ono ankakhala kumutu kwa tebulo, amai aang'ono pambali, ana ao atatu motsatana. Mukawerenga bwino muona kuti mpando umodzi unali kutsala. Tsiku loyamba ndinasamba m'manja n'kulunjika pa mpando umenewo. Amai aang'ono sanakalipe ai. Anangonena mwaulemu kuti, "Iwe mbale yako ili ku khicini."

Ndinadyera m'khicini zaka zitatu, pa kasitulu, pamodzi ndi mtsikana wanchito. Kunena zoona sindinagonepo ndi njala. Nsima inali yokwanira, nkhoko za mumphika zinali zathu, ndipo pa tsiku la nkhuku tinkalandira mapazi ndi khosi. Palibe anandimenya, palibe ananditukwana. Fizi yanga analipira ndi iwo, ndipo mpaka lero ndimawathokoza. Koma phokoso la masupuni ndi kuseka kwa abale anga kuseri kwa citseko ndimakumbukira kuposa masamu onse amene ndinaphunzira zaka zimenezo.

Wina anganene kuti nanga kumudzi ana amadya ndi akulu? Ai, sadya nao. Kwathu azibambo ndi anyamata okulirapo ankadyera pabwalo, azimai ndi atsikana kufupi ndi khicini, tiana ting'onoting'ono patokha pa mphasa. Masiku a cidyerano nyumba iliyonse inkabweretsa mbale yake ya nsima ndi ndiwo pamalo amodzi, ndipo amene amai ake anaphika delele yekha ankalawako nyemba za kwa anzake. Malamulo analipo ambiri. Nthutumba ya nkhuku inali ya atate, ndipo ikasowa mumphika unali mlandu. Mkamwini sankadya pamaso pa apongozi ake. Mwana sankayamba kutapa nyama wamkulu asanatape. Anzanga ocokera kumpoto amakamba zofanana za insaka, kumene amuna ankasonkhana ndi kudyera pamodzi.

Koma malamulo onsewo ankayang'ana msinkhu wako, komanso ngati ndiwe mwamuna kapena mkazi. Sankafunsa kuti unabadwa m'mimba mwa ndani. Mwana wa m'nyumba, mwana wamasiye ndi mwana wa mlendo wopita njira, onse dzanja linali m'mbale imodzi. Ku Chilenje mng'ono wanga wa zaka 6 anali pa tebulo, ine wa zaka 11 pa kasitulu. Pamenepo msinkhu sunali kugwira nchito.

Sindifuna kukometsera kumudzi mopitirira. Mbale imodzi inali ndi nkhanza zake. Wodya pang'onopang'ono ankanyamuka mimba ili pakati, ndipo wamng'ono pa onse ankasamba m'manja pomaliza, m'madzi amene asanduka kale phala. Cizolowezi ca beseni imodzi ambiri a ife tinacisiya cifukwa ca kolera. Mukumbukira mmene zinalili kuyambira mu Okutobala 2023: odwala anadzaza mpaka ku National Heroes Stadium, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 anatsegulidwa mu Febuluwale. Kuyambira nthawi imeneyo kwanga timathirirana madzi ndi jagi, sopo ali pambali, ndipo mwana aliyense ali ndi mbale yake.

Apa ndiye pali cinthu cimene sindinaciganizire. Ana akamadyera m'mbale imodzi, dzanja lina likaonjezekapo simuona. Koma mukayamba kugawa mbale imodzi-imodzi, mwana woonjezera ndi mbale yoonjezera, ndipo mumaiwerenga. Mumawerenga zidutswa za soseji, mumawerenga masupuni a nyemba. Mtima umayamba kucita masamu musanaufunse.

Ine ndikhala m'nyumba ya zipinda ziwiri, m'yadi ya mabanja asanu, pompi imodzi. Malaiti akapita timaphikira pa mbaula panja, ndiye palibe cinsinsi. Mukakazinga anyezi yadi yonse yadziwa, mukaika nkhuku pa moto ngakhale a kuseri kwa mpanda amva. Malamulo anga anali atatu: ana sadyera pa sofa, sadyera pa bedi cifukwa ca mphemvu ndi makoswe, ndipo sadyera panja. La panjali ndinkanena kuti ndi cifukwa ca nchenche, koma cifukwa cina cinali cakuti sindinafune aneba aone kuti lero tadya repu yopanda tomato.

Mwana wanga wamwamuna ali ndi mnzake wa m'yadi momwemo, wa zaka 7. Kamnyamata kaulemu, kosalankhula kwambiri. Koma mthiko ukangoyamba kugunda mumphika, mumangoona kafika, kaima pa citseko ngati kakufuna mnzake wosewera naye. Ndinakapatsa nsima kamodzi, kawiri, kasanu. Kenaka inafika 2024, caka ca cilala cimene boma linalengeza mu Febuluwale kuti ndi tsoka la dziko lonse. Unga unakwera mtengo. Thumba la 25 kg limene kale linkatifikitsa kumapeto kwa mwezi linayamba kuthera panjira, ndipo masiku otsalawo tinkagula pamela pa kantemba. Amene anagulapo pamela adziwa kuti simuphika nsima ya alendo ndi kapulasitiki kaja.

Tsiku lina ndinacita zimene azimai ambiri m'basi muno anacitapo, musakane. Ndinayang'ana kamnyamatako ndi kunena kuti, "Iwe, bamami bako bakuitana."

Kanandiyang'ana bwinobwino. "Ba anti, bamami kulibe. Banayenda ku Soweto kuseni-seni."

Kanadziwa kuti ndanama, inenso ndinadziwa kuti kadziwa. Sikanatsutse. Kanatuluka n'kukakhala pa njerwa pafupi ndi pompi. Ndinagawa mbale ziwiri za ana anga ndi kutseka citseko. Posakhalitsa ndinaona mwana wanga wanyamula mbale yake, akutsegula citseko.

"Uyenda kuti na mbale? Sininakambe kuti sitidyela panja?"

"Niyenda kudya na munzanga."

Ndinakalipa, ndipo ndinakalipa kwambiri, cifukwa mwana akakugwira pa colakwa mkwiyo umabwera msanga kuposa manyazi. Anabwerera kukhala pa mphasa, koma nsima sanaikhudze. Ndinasuzumira pa windo. Kamnyamata kaja kanali pa njerwa, msana ku nyumba yathu, kakujambula pansi ndi kamtengo. Ndinaona kasitulu ka ku Chilenje. Kusiyana kwake kunali kwakuti amai aang'ono ankandipatsa mbale, ine sindinakapatse ciliconse.

Komabe nkhani iyi si yapafupi monga mmene ena amaikambira. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, zoona, koma m'komboni kudyetsa mwana wa munthu kuli ndi ngozi zake. Akadwala m'mimba usiku, m'mawa amai ake ali pa citseko panu: "Munamupasa cani mwana wanga?" Ena amafika mpaka pokuchulani mfiti. Ndiye pali makolo amene amaletsa ana ao kudya kwa eni, ndipo mwana akadya kwanu amakamenyedwa kwao cifukwa wacititsa manyazi, waonetsa ngati kwao saphika. Palinso za chalichi. A Sabata sadya nkhumba kapena mlamba, Asilamu sadya nkhumba, ndipo mwana wa zaka 7 amene ali ndi njala sangakuuzeni zimenezo. Conco mai amene amabweza mwana wa neba nthawi ya nsima sindingamuweruze msanga. Mwina si kuumira, mwina anapsapo kale.

Cimene ndinacita ndi cimene ndinayenera kucita poyamba. Madzulo ndinapita kwa amai ake. Amagulitsa ndiwo zamasamba, amanyamuka kukali mdima kukaoda ku Soweto Market, ndipo amabwera dzuwa litalowa. Mwanayo amamusiyira ndalama ya mabanzi ndi mkute ngati watsala. Ndinayamba mozungulira, monga mmene timacitira, za mvula ndi za malasha, kenaka ndinakamba. Anakhala cete nthawi yaitali. Ndinaganiza kuti akwiya. M'malo mwake anati, "Ba neba, nenze kuyopa kukupemphani." Tinagwirizana kuti masiku a sukulu mwanayo azidya kwathu masana, iwo azibweretsa zotsala pa tebulo yao ya malonda, tomato wofewa, repu kapena cibwabwa cimene sicingafike mawa. Masiku ena amabweretsa, masiku ena kulibe, ndipo sindiwerenga.

Lamulo la sofa sindinalicotse. Pamenepo ndili kumbali ya mai wa m'basi uja, sofa ndi yodula ndipo supu ya kapenta sicoka. Ndinangolikonza kuti likhale limodzi kwa onse: aliyense amene sanafike sekondale amadyera pa mphasa, kaya ndi wanga, kaya ndi wa neba, kaya wacokera kumudzi dzulo. Mbale zao ndinagula zofanana, zapulasitiki, kuti pasakhale wina wodyera m'mbale yosweka m'mphepete. Ndiwo ndimagawa onse akuona.

Lamulo lotere ndi lokoma mpaka tsiku limene lidzakuyesani. Langa linayesedwa mwezi watha, pamene alamu anga a kumayadi anabwera ndi mwana wao wamkazi wa zaka 8. Mwanayo kwao amadyera pa tebulo ndi foloko, ndipo Cinyanja amangomva, kuyankha amayankha m'Cizungu. Nditagawa cakudya anatenga mbale yake n'kukhala pa sofa pafupi ndi amai ake, miyendo ili lende. Ana anga awiri ndi mnzao uja anali pa mphasa. Onse atatu anasiya kudya n'kundiyang'ana.

Ndikuuzeni zoona, ndinafuna kukhala ngati sindinaone. Alamu amenewa ndi amene anatibwereka ndalama ya lendi pamene atate a ana anali pa ulova. Munthu wotere simufuna kumukhumudwitsa cifukwa ca mphasa. Koma mwana wanga wamng'ono, amene pakamwa pake palibe buleki, anafunsa mokweza, "Mami, nanga uyu?"

Ndinameza mate. "Mwanangu, bwela unkhale na banzako apa. Kuno bana bonse badyela pa mphasa."

Nkhope ya alamu inasintha. "Sanazolowele kunkhala pansi," anatero.

"Azazolowela, mulamu. Ni mphasa yoyela, nawasha mailo."

Mtsikanayo anatsika yekha, amai ake asanayankhe. Poyamba anakhala mouma, mbale ili pa maondo. Kenaka kamnyamata ka neba kanamuonetsa mmene amaumbira mbamu ya nsima ndi kuiboola ndi cala kuti itape supu, ndipo anayesa, supu n'kutsikira m'mkono mpaka pa cigongono. Anaseka onse anai. Diresi inada, ndipo alamu anaiona.

Anatsazika msanga kuposa masiku ena. Atate a ana anandiuza usiku kuti ndikanangolekerera tsiku limodzi lokha, ndipo tinakangana pang'ono. Kuyambira tsikulo alamu sanabwerenso, koma Loweruka anatuma uthenga pa foni wofunsa ngati tidzakhalapo pa holide, ati mwana akuvutitsa kuti afuna kubwera ku Chawama. Sanachule za mphasa, inenso sindinachule. Ndinayankha kuti tilipo, abwere ndi zovala zosewerera.