Call Me Kuchu: Dzina Likatuluka M'nyuzipepala

Filimu ya Call Me Kuchu, yomwe Katherine Fairfax Wright ndi Malika Zouhali-Worrall anatulutsa mu 2012, ikunena za ku Uganda, koma Mmalawi wogwira ntchito m'mafakitale a ku Belmont, mu Bulawayo, sangaione ngati yachilendo. Ikutsatira David Kato, yemwe ankamenyera ufulu amuna ndi akazi okondana okhaokha. Mu 2010 nyuzipepala ya ku Kampala yotchedwa Rolling Stone inasindikiza maina ndi zithunzi za anthu otere, n'kumemeza kuti apachikidwe. Kato anakasuma ndipo anapambana mlandu mu January 2011, koma mwezi womwewo anaphedwa kunyumba kwake. Mphamvu ya filimuyi ili poti sikupempha woonera kuti avomereze chikondi cha anthuwa. Ikungomuonetsa zomwe zimachitikira munthu dzina lake likaululidwa: ntchito imatha, eni nyumba amamuthamangitsa, abale amamufulatira. Kwa munthu wodalira malipiro a kufakitale ndi chipinda cha lendi, chimenecho n'chilango chachikulu asanaonekere n'komwe kubwalo.

Ambiri adzati chikondi chotere n'chobwera ndi azungu. Mawu otere ndi akale mu Zimbabwe, makamaka chiyambire 1995 pamene Robert Mugabe ananyoza bungwe la GALZ, lomenyera ufulu wa anthu otere, pa chionetsero cha mabuku ku Harare. Komatu malamulo amene anagamulira Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga kukakhala kundende zaka 14 chifukwa cha chikondi chawo ku Blantyre mu 2010 anatisiyira ndi atsamunda a ku Britain. Ena adzatchula chipembedzo, ndipo nkhawa yawo siyopeputsa. Filimuyi ikuwayankha kudzera mwa Bishopu Christopher Senyonjo, amene anaima pamanda a Kato n'kumupempherera mlaliki wina atasandutsa maliro kukhala bwalo lodzudzulira. Munthu akhoza kusunga chikhulupiriro chake osalola kuti mnansi wake amenyedwe.

Pofooka pa filimuyi ndi poti otsutsa omwe ikuwaonetsa kwambiri ndi aukali, monga mkonzi wa Rolling Stone, Giles Muhame, pamene kholo lozunguzika mumtima chifukwa cha mwana wake silimveka mokwanira. Bulawayo ili ndi nkhani yakeyake yoyenera kamera: Ricky Nathanson, yemwe anabadwa mwamuna koma amakhala ngati mkazi, anamangidwa mu 2014 atalowa m'chimbudzi cha akazi pa hotela ina, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la mumzindawu linagamula kuti anamangidwa mosatsata malamulo n'kulamula kuti apatsidwe chipukuta misozi.